Bungwe la agogo limene linabadwira pa yunivesiti

M'maparishi ambiri muno m'Zambia muli kagulu ka Akristu kochedwa Bungwe la Vincent de Paul Woyera. Tonse tiwadziwa. Ndiwo amene amadziwa kumene kukhala nkhalamba yosowa woitungira madzi, wodwala amene wagona masabata atatu osaona sopo, kapena mai wamasiye amene denga la nyumba yake linasasuka ndi mphepo. Mukawayang'ana pamene asonkhana Misa itatha, ambiri a iwo ndi a imvi, ndipo acinyamata athu amangoti limenelo ndi bungwe la agogo. Ndi ocepa amene adziwa kuti bungweli linabadwira pa yunivesiti, ndi kuti amene analiyambitsa anali anyamata asanu ndi mmodzi a zaka za pakati pa 19 ndi 23, onse akali pa maphunziro.

Nkhani yao iyenera kumvedwa ndi makolo. Mwana akapambana mayeso a Giredi 12 napeza malo pa yunivesiti, pakhomo pamalira nthungululu. Koma usiku, alendo atabalalika, mai amagona ndi funso limene sauza munthu: kodi mwana uyu, amene anali kutumikira pa guwa ndi kuimba m'kwaya, adzabwerako ali Mkristu? Nkhawa imeneyi si yopanda pake. Tawaona ena amene anapita ndi kolona m'thumba nabwerako ndi digiri yokha. Kuyambira pamene University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, mabanja ambiri adziwa cimwemwe cimeneci pamodzi ndi mantha ake. Tsono tiyeni tione m'mene mnyamata wina wa ku France, Frédéric Ozanam, anadutsira pa moto womwewu, ndi cimene anatulukamo naco.

Kukaika kunampeza ali kwao

Frédéric Ozanam anabadwira ku Milan, m'dziko la Italy, pa 23 Epulo 1813, koma anakulira mu mzinda wa Lyon ku France. Atate ake anali dokotala, ndipo ambiri mwa odwala ao anali osauka amene sanali kutha kulipira. Amai ake naonso anali kuyendera osauka ndi odwala m'nyumba zao. Linali banja lopemphera ndithu. Komabe, ali ndi zaka 15 kapena 16, pamene anayamba kuwerenga maganizo a akatswiri a filosofi, mnyamatayu anagwa m'kukaika kwakukulu. Zimene anaphunzira pa maondo a amai ake zinayamba kugwedezeka, ndipo mtima wake unazunzika kwa miyezi yambiri.

Amene anamtulutsa mu mdimawo ndi Bambo Noirot, wansembe amene anali kuphunzitsa filosofi pa sukulu yake. Wansembeyu sanamkalipire, ndipo sanamuuze kuti kufunsa ndi chimo. Anali kuyenda naye maulendo aatali kunja kwa mzinda, kumvetsera mafunso ake ndi kumbwezera mafunso ena, mpaka mnyamatayo anayamba kuona yekha kuti nzeru ndi cikhulupiriro si adani. Atapezanso mtendere, Frédéric analonjeza Mulungu kuti moyo wake wonse adzaupereka pa kutumikira coonadi.

Apa pali kanthu koti makolo tikasunge. Kukaika kunampeza mwanayu ali m'nyumba ya atate ake, akudya nsima ya amai ake, titero kunena kwake. Kawirikawiri timaimba mlandu yunivesiti pa mafunso amene mwana anacoka nao kunyumba, kungoti kunyumbako panalibe amene anamlola kuwafunsa.

Mlendo mu Paris

Kumapeto kwa caka ca 1831, ali ndi zaka 18, Frédéric anapita ku Paris kukaphunzira za malamulo pa yunivesiti imene anthu amaicha Sorbonne. Mzindawo sunali wokoma kwa Mkatolika. Mu Febuluwale caka comweco gulu la anthu okwiya linali litaononga chalichi ca Saint-Germain-l'Auxerrois ndi nyumba ya Arkiepiskopi. M'zipinda zophunziramo aphunzitsi ena anali kunena poyera kuti Cikristu cinathandiza anthu akale, koma nthawi yake inatha. Ophunzira Akatolika analipo, koma aliyense anali kubisa cikhulupiriro cake ngati cilonda, kotero kuti awiri anali kutha kukhala pa benci limodzi osadziwana kuti apemphera Mulungu mmodzi. Frédéric anasungulumwa kwambiri m'nyumba ya lendi imene anafikira.

Thandizo loyamba linacokera kumene sanali kuyembekeza. André-Marie Ampère, katswiri wochuka wa sayansi amene nayenso anali wa ku Lyon, anamtenga nampatsa cipinda ca mwana wake amene anali paulendo kunja kwa dziko. Dzina la mkuluyu amisiri a magetsi amalichula tsiku ndi tsiku osadziwa, pakuti muyeso wa magetsi oyenda m'waya, ampere, unachedwa dzina lake. Kumasimbidwa kuti tsiku lina Frédéric, mtima utalema, analowa m'chalichi ca Saint-Étienne-du-Mont, napeza nkhalamba itagwada pakona ikupemphera kolona. Poyang'anitsitsa anaona kuti ndi Ampère. Mkuluyo sanamuone, ndipo sanamlalikire kanthu. Koma kwa mnyamata amene tsiku lililonse anali kumva kuti cipembedzo ndi ca anthu osaphunzira, kuona munthu wanzeru zotere atagwada kunayankha funso limene mabuku anali kulephera kuliyankha.

Atalimba mtima, Frédéric anayamba kufunafuna anzake. Mu 1832 mphunzitsi wina wa filosofi, Théodore Jouffroy, anali kuphunzitsa kuti nzeru za munthu sizingavomere zoti Mulungu anadziulula kwa anthu. Frédéric anamlembera kalata yomtsutsa mwaulemu. Poona kuti yankho silinali lokhutiritsa, anasonkhanitsa ophunzira ena nalemba kalata ina imene onse anaisaina. Mphunzitsiyo anaiwerenga pamaso pa kalasi yonse, napepesa, nalonjeza kuti sadzanyozanso cikhulupiriro ca ophunzira ake. Phindu lalikulu la kalatayo silinali kupepesa kwa Jouffroy. Linali lakuti Akatolika amene anali kubisala anadziwana maina ndi nkhope.

Funso lolasa mtima

Panali mkulu wina, Emmanuel Bailly, mwini nyuzipepala yacikatolika yochedwa La Tribune catholique, amene anali kukonda kusonkhanitsa ophunzira. Mothandizidwa ndi iye, Frédéric ndi anzake analimbitsa msonkhano wa sabata ndi sabata wokambirana za mbiri yakale, mabuku ndi filosofi. Khomo linali lotsegukira aliyense, wokhulupirira ndi wosakhulupirira yemwe. Frédéric anali wodziwa kulankhula, ndipo mitsutso yambiri anali kupambana. Anali kufotokoza m'mene Eklezia inasungira maphunziro, inamangira zipatala ndi kufewetsa mitima ya mafuko ankhanza m'zaka zamakedzana.

Tsiku lina, kuciyambi kwa 1833, wophunzira wina wotsata ciphunzitso ca Saint-Simon anaimirira. Anavomera kuti zonse zimene Frédéric ananena za kale zinali zoona. Kenaka anafunsa za lero: Eklezia ikuwacitira ciani osauka a mu Paris, ndipo iwo eni ake, amene adzitama kuti ndi Akatolika, nchito zao zosonyeza cikhulupiriro zili kuti?

Funsoli linali ndi mano. Caka capitaco, mu 1832, mliri wa kolera unali utapha anthu oposa 18,000 mu Paris, ndipo unasesa kwambiri m'makomboni a anthu osauka, ena a iwo pafupi penipeni ndi Sorbonne. Anyamata amene anali kukambirana za ubwino wa Eklezia anali kupita ku msonkhano wao podutsa m'mbali mwa nyumba za amasiye.

Apa ndi pamene paonekera ukulu wa Frédéric. Akadafuna, akadapeza yankho lakuthwa, pakuti masisitere ndi ansembe ambiri anali kugwira nchito pakati pa osauka. Koma anazindikira kuti funsolo silinali kufunsa za masisitere. Linali kufunsa za iye. Anatuluka ali wacisoni, navomera kwa anzake kuti mdani wao wanena zoona. Kumasimbidwa kuti iye ndi mnzake wogona naye nyumba imodzi, Auguste Le Taillandier, anatenga nkhuni zimene anasungira nyengo yozizira nakazipereka kwa munthu wina wosauka. Kwa ife nkhuni zingaoneke ngati kanthu kocepa, koma m'cisanu ca ku Ulaya kupereka nkhuni zako ndi kuvomera kugona ukunjenjemera.

Pa 23 Epulo 1833, tsiku limene Frédéric anakwanitsa zaka 20, anyamata asanu ndi mmodzi anasonkhana mu ofesi ya nyuzipepala ya Bailly, pafupi ndi chalichi ca Saint-Sulpice. Anali Ozanam, Le Taillandier, François Lallier, Paul Lamache, Félix Clavé ndi Jules Devaux. Ambiri anali ophunzira malamulo, ndipo Devaux anali kuphunzira udokotala. Bailly, amene anali ndi zaka pafupifupi 40, anakhala mtsogoleri wao. Anagwirizana cinthu cimodzi cokha: aliyense aziyendera mabanja osauka m'nyumba zao sabata iliyonse.

Sukulu ya Sisitere Rosalie

Kufuna ndi kwina, kudziwa ndi kwina. Anyamatawa anali ana a mabanja opeza bwino, ndipo sanali kudziwa ngakhale poyambira. Anatumizidwa kwa Sisitere Rosalie Rendu, wa cipani cimene Vincent de Paul Woyera anayambitsa pamodzi ndi Louise de Marillac Woyera. Sisitereyu anali atakhala zaka zoposa 30 m'dera la Mouffetard, limodzi mwa madera osaukitsitsa a Paris, ndipo anali kudziwa khomo lililonse. Anawapatsa maina a mabanja oti awayendere ndi timapepala tolandirira mkate. Koposa izi anawaphunzitsa khalidwe: kulowa m'nyumba ya wosauka mwaulemu, kukhala pansi, kumvetsera, kusaweruza, ndi kusakhumudwa ngati wolandira sathokoza. Ophunzira a Sorbonne, amene anali kutsutsa aphunzitsi ao m'makalata, anakhala ana a sukulu pamaso pa mai ameneyu.

Msonkhano wao wa sabata unali wosavuta. Anali kuyamba ndi pemphero ndi kuwerenga buku lauzimu, kenaka aliyense anali kufotokoza za mabanja amene anayendera ndi zosowa zao. Pomaliza anali kusonkha ndalama mobisa, kuti wina asadziwe zimene mnzake waponya. Ndalama za ophunzira zinali zocepa, ndipo Bailly anali kuonjezapo zake, nanena kuti ndi malipiro a nkhani zimene anyamatawo anali kulemba m'nyuzipepala yake. Mu 1834 anasankha Vincent de Paul Woyera kukhala nkhoswe yao.

Cimene ambiri sadziwa ndi ici: Frédéric sanabise kuti colinga coyamba ca kaguluka cinali kusunga cikhulupiriro ca ophunzira eni ake. Anaona kuti anyamata ocokera kumidzi ndi kumizinda ing'onoing'ono anali kutayika mu Paris cifukwa ca kusungulumwa, ndi kuti ubwenzi womangidwa pa mitsutso yokha sukhalitsa. Anafuna ubwenzi womangidwa pa nchito ya cifundo. Kukwera makwerero amdima kupita ku kacipinda ka wodwala kunawaphunzitsa kupemphera kuposa kale, cifukwa tsopano anali ndi maina oti awachule pamaso pa Mulungu. Ukaristia umene anali kulandira m'mawa unayamba kugwirizana ndi nkhope zimene anali kuona madzulo. Zimene Kalata ya Yakobo imaphunzitsa m'mutu waciwiri za cikhulupiriro ndi nchito anazimva ndi miyendo yao.

Poyamba ena sanafune kulandira munthu wacisanu ndi citatu, poopa kuti ubwenzi wao ungasukuluke. Frédéric anaumirira kuti khomo litseguke. Pofika kumapeto kwa 1834 anali pafupifupi 100, ndipo cipinda cinacepa. Nkhani yogawa gululo inautsa mkangano woopsa, ena mpaka anagwetsa misozi, koma mu 1835 analigawa, nalemba malamulo ake oyamba. Kufalikira kwake kunali kwacibadwa: wophunzira akatsiriza maphunziro nabwerera kwao, anali kuyambitsa kagulu kena kumeneko. Mu 1844 bungweli linafika ku England ndi ku Ireland, mu 1845 ku America, ndipo caka comweco Papa Gregory XVI analivomereza. Lero lili m'maiko oposa 150.

Tisaganize kuti Frédéric anataya mabuku atapeza osauka. Iye ndi anzake anapempha Arkiepiskopi wa Paris, Ambuye de Quélen, kawiri konse kuti pakhale maulaliki oyankha mafunso a anthu ophunzira m'cilankhulo ca nthawi yao. Pempholi linabala maulaliki a Lenti a m'chalichi cacikulu ca Notre-Dame, ndipo mu 1835 Bambo Henri Lacordaire anayamba kulalika kumeneko pamaso pa anthu zikwizikwi, ambiri a iwo acinyamata.

Nanga ana athu?

Lusaka si Paris wa 1833. Dziko lathu linalengezedwa kukhala lacikristu mu 1991, ndipo pa yunivesiti zathu magulu opemphera ndi ambiri. Mwana wathu Mkatolika sakumana kawirikawiri ndi mphunzitsi wonyoza Mulungu. Amakumana ndi mnzake wa mpingo wina amene adziwa mavesi pamtima, namfunsa za Amai Maria, za kulapa kwa wansembe ndi za zifanizo za m'chalichi. Amakumananso ndi mdani wina wosalankhula: kutopa, mayeso, foni, njala, ndi ufulu wogona Lamulungu m'mawa popanda womdzutsa. Ambiri sasiya Misa cifukwa cogonja pa mtsutso. Amangophonya sabata imodzi, kenaka ina, ndipo palibe amene amawafunsa.

Pa mafunso aja, tivomere kuti tawatumiza ana athu ku nkhondo ndi ndodo. Wophunzira amene sayansi yake yafika pa mlingo wa digiri, koma katekisimu wake anaima pa tsiku la Ulimbitso, adzaona ngati cikhulupiriro ndi covala ca paubwana cimene camthina. Kalata yoyamba ya Petulo, m'mutu wacitatu, imafuna kuti Mkristu akhale wokonzeka kufotokoza ciyembekezo cake, ndipo imaonjeza kuti azitero mofatsa ndi mwaulemu. Zonse ziwiri zifunika kuphunzira. Pa yunivesiti zathu zikuluzikulu pali ansembe osamalira ophunzira ndiponso magulu a ophunzira Akatolika. Koma ndi makolo angati amene, pomanga bulangeti, mapoto ndi thumba la ufa, amakumbukira kufunsa mwana ngati adziwa kumene Misa imacitikira? Ndi maparishi angati amene amalembera kalata wansembe wa pa yunivesiti kumdziwitsa kuti mwana wao wafika?

Ndipo funso lija la wophunzira wa Saint-Simon likali ndi mano. Monga Mouffetard inali kuseri kwa Sorbonne, Kalingalinga ili kuseri kwa kampasi ya pa Great East Road, ndipo ophunzira ambiri amagona m'nyumba za lendi m'makomboni ozungulira. Safunika galimoto kuti apeze wodwala wosowa womcezera. Komabe pali kusiyana kumene sitiyenera kukubisa. Anzake a Ozanam anali ndi nkhuni zoti apereke. Ambiri mwa ana athu alibe. Ena amadya kamodzi pa tsiku, ndipo wosauka amene Mulungu wawaikira pafupi angakhale mnzao wogona naye cipinda cimodzi, amene akubisa kuti ndalama za sukulu zasowa, kapena mtsikana amene njala ikumkankhira m'manja mwa mwamuna wa galimoto. Pamenepa cuma ca wophunzira ndi nthawi yake, makutu ake, mbale ya nsima yogawana, ndi maphunziro ake amene angathandize nao mwana wa m'komboni amene masamu amvuta. Cala cimodzi siciswa nsabwe, koma Ozanam anayamba ndi zala zisanu ndi cimodzi zokha.

Mau ena apite kwa agogo athu a Vincent de Paul. Ophunzira akabwera pa chuti, kodi mumawaitana kuti ayende nanu? Sisitere Rosalie sanadikire kuti anyamata aja akule. Anawapatsa maina a mabanja nawakhulupirira.

Mphunzitsi pa yunivesiti yomweyo

Frédéric Ozanam sanacoke pa Sorbonne kwa nthawi yaitali. Analandira digiri ya udokotala wa malamulo mu 1836, ndi ina ya zolembalemba mu 1839 atalemba za Dante, mlakatuli wa ku Italy. Pakati pa zaka zimenezi, mu 1837, atate ake anamwalira atagwa pa makwerero popita kukaona wodwala. Mu 1841 anakwatira Amélie Soulacroix, ndipo anabereka mwana mmodzi, Marie. Caka comweco anayamba kuphunzitsa pa Sorbonne, ndipo mu 1844 anakhala pulofesa.

M'kalasi mwake munali okhulupirira ndi osakhulupirira. Sanabise cikhulupiriro cake, komanso sanasandutse kalasi kukhala guwa. Anali kukonzekera phunziro lililonse mwakhama, ndipo anali kulemekeza omtsutsa, mwina pokumbukira kuti iyenso anakaikapo, ndiponso kuti phunziro lalikulu la moyo wake analilandira kwa munthu wosakhulupirira. Ernest Renan, amene anasiya seminale nataya cikhulupiriro, anali mmodzi wa omvera maphunziro ake, ndipo pambuyo pake anali kumkumbukira mwacikondi. Akatolika ena anali kumnena Ozanam kuti ndi wofewa kwambiri kwa adani a Eklezia, ndipo mau amenewa anamupweteka.

Kuyendera osauka kunamtsegulanso maso pa nkhani ya cilungamo. Pa nthawi ya zipolowe za 1848 analemba m'nyuzipepala yochedwa L'Ère nouvelle kuteteza anthu a nchito, ndipo anali kuphunzitsa kuti kumanga mabala a munthu womenyedwa pa njira sikukwanira ngati palibe amene akuletsa acifwamba omenyawo. Izi anali kuzinena zaka zoposa 40 Papa Leo XIII asanalembe kalata yake yochuka ya Rerum Novarum mu 1891.

Thupi lake linali lofooka. Mu 1852, ali cigonere, anamva kuti ophunzira akudandaula za aphunzitsi amene saoneka m'kalasi. Anadzuka nakaphunzitsa, ndipo limenelo linali phunziro lake lomaliza. Anapita ku Italy kukafuna mphepo yabwino, koma matenda anakula, ndipo anamwalira ku Marseille pa 8 Sepitembala 1853, ali ndi zaka 40.

Pa 22 Ogasiti 1997, pa nthawi ya msonkhano wa acinyamata a dziko lonse ku Paris, Papa John Paul II anamuika m'gulu la Odala m'chalichi ca Notre-Dame. Mu ulaliki wake Papa anakumbukira kuti iyenso, ali wophunzira ku Poland nkhondo yaciwiri ya dziko lonse isanayambe, anali membala wa kagulu ka Vincent de Paul. Sisitere Rosalie anaikidwa m'gulu lomwelo mu 2003. Eklezia imakumbukira Frédéric Ozanam Wodala pa 9 Sepitembala, ndipo thupi lake linagonekedwa m'cipinda ca pansi pa chalichi ca Saint-Joseph-des-Carmes, m'kati mwa mpanda wa yunivesiti yacikatolika ya Paris, pamene ophunzira amadutsa m'mawa uliwonse popita ku makalasi ao.